Kulera mwana amene simunabereke: udindo wake ndi zimene lamulo limanena

Pa maliro a mayi amene wasiya ana aang'ono pamakhala nkhani imodzi imene imadikira kuti khamu libalalike kaye. Adzukulu akabwerako kumanda, nsima ikadyedwa, abale amakhala pansi kuseri kwa nyumba n'kufunsana kuti, "Nanga anawa apita kwa yani?" Wina amatengedwa ndi amayi ake aang'ono a ku Ndirande, wakhanda amatsala ndi agogo, wamkulu amapita kwa amalume kuti akapitirize sukulu. Sipalembedwa pepala, sipabwera loya. Pofika madzulo ana aja ali ndi makolo atsopano.

Umu ndi mmene ana ambiri m'Malawi amapezera owalera. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 18, ana 20 sakhala ndi kholo lowabereka ngakhale limodzi, ndipo ana 12 anafedwa bambo, mayi kapena onse awiri. Manambala awiriwa akutiuzanso china: ambiri mwa ana amene akuleredwa ndi anthu ena ali ndi kholo lamoyo kwinakwake. Bambo ali ku Joni, mayi anakwatiwa kwina, kapena umphawi unangovuta. Choncho amene akulera mwana wotereyu sakulera mwana wopanda kwawo. Akulera mwana amene ali ndi mbiri, abale ndi mafunso, ndipo apa ndi pamene ntchito yake imasiyanira ndi ya kholo lobereka.

Mwambo wathu unaikiratu dongosolo lake. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi, ndipo amalume, monga mwini mbumba, ndiwo amalamula kumene ana apite. Kwa Atumbuka, Angonde, Angoni a ku Mzimba komanso Asena, kumene ukwati umamangidwa ndi malowolo, ana amawerengedwa kuchimuna. Ubwino wa dongosololi ndi waukulu: mwana sachoka m'chibale, amadziwa manda a mayi ake, amayankhula chiyankhulo chakwawo. Koma lili ndi pofooka pake. Palibe amene amabwera kudzaona ngati mwana uja akudya, akupita kusukulu kapena wasanduka wantchito. Edzi itafika pachimake m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, mtolowu unagwera agogo amene nawonso ankafunika wowasamala, ndipo nyumba zosungira ana amasiye zinachuluka.

Boma lili ndi njira zake, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, limalola kuti mwana aikidwe m'manja mwa banja lina kuti limusunge kwa kanthawi, kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma. Limalolanso kuti pasankhidwe womuyang'anira mwana, kaya ndi khothi, banja kapena kholo lenilenilo polemba wilo. M'njira ziwirizi mwana amakhalabe mwana wa amene anamubereka. Njira yachitatu ndiyo yolemera: kumutenga mwana kudzera kukhothi kuti akhale wanu mpaka kale. Woweruza akasaina chigamulo, ufulu ndi udindo wonse wa makolo omubereka umatha, n'kusamukira kwa inu ngati kuti munamubereka nokha. Mwana sangabwezedwe chifukwa choti wayamba kuvuta kapena choti mwadzabereka wanu.

Lamulo loyendetsa njira yachitatuyi, Adoption of Children Act, ndi la 1949, nthawi ya atsamunda, ndipo linatengera lamulo la ku England la 1926. Limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, ndiponso kuti apose mwanayo ndi zaka 21 pokhapokha ngati ali pachibale. Mwamuna amene ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi popanda zifukwa zapadera. Makolo kapena oyang'anira mwanayo ayenera kuvomera akumvetsa bwino kuti akusiyana naye kotheratu, ndipo wokwatira sangatenge mwana ngati mnzake wa m'banja sakufuna. Khothi limasankha munthu woimira mwanayo, kawirikawiri wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, kuti akaone pakhomo, afufuze ndi kupereka lipoti. Mwana akakhala wozindikira, maganizo ake amamvedwa. Kupatsana ndalama chifukwa cha mwanayo n'koletsedwa pokhapokha khothi litavomereza. Khothi lingathenso kuyamba lapereka chilolezo chongoyembekezera kuti lione kaye mmene mwana akukhalira. Ndipo pali chiganizo chimodzi chimene chinadzautsa fumbi: wotenga mwana akhale munthu wokhala m'Malawi.

Amalawi ambiri anamva koyamba za lamuloli mu October 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, anatenga David Banda ku nyumba ya ana ya Home of Hope ku Mchinji. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi. Mayi ake anamwalira atangomubereka, koma bambo ake anali moyo. Mabungwe a ufulu wa anthu pansi pa Human Rights Consultative Committee anadandaula kuti lamulo lalumphidwa, koma khothi linali litapereka kale chilolezo chongoyembekezera cha miyezi 18, ndipo mu May 2008 Jasitisi Andrew Nyirenda anatsimikiza kuti David ndi mwana wa Madonna. Mu April 2009 Jasitisi Esmie Chombo anakana pempho lachiwiri, lofuna Chifundo James, yemwe amadziwika ndi dzina loti Mercy, ponena kuti munthu wongobwera masiku ochepa sangatchedwe wokhala m'dziko muno, ndipo kumasula chitseko chotero kungapereke mpata kwa ozembetsa ana. Mu June chaka chomwecho khothi lalikulu la apilo, motsogozedwa ndi Jasitisi Lovemore Munlo, linasintha chigamulocho. Linaona ntchito zimene Madonna ankachita kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi, n'kunena kuti choyenera kutsogola ndi ubwino wa mwanayo, amene ankakulira m'nyumba ya ana amasiye. Mu 2017 Jasitisi Fiona Mwale anamulolanso kutenga mapasa, ndipo chaka chomwecho chipatala cha maopaleshoni a ana chotchedwa Mercy James chinatsegulidwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Oweruza onsewa ankalimbana ndi funso lenileni, ndipo ine sindiona kuti a Chombo analakwitsa pochita mantha, ngakhale kuti mwanayo anapeza banja. Dziko lathu silinasaine pangano la ku Hague la 1993 loyendetsa katengedwe ka ana kupita maiko ena, pomwe pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana, limene tinavomera, limati kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Chimene chimandiwawa ndi choti phokoso la milandu imeneyi linasiya maganizo akuti kutenga mwana kukhothi ndi nkhani ya azungu olemera. Mphunzitsi wa ku Dedza, namwino wa ku Zomba, banja limene lakhala zaka zambiri lopanda mphatso ya mwana, onsewa lamulo limawalola, ndipo ndiwo amene angathe kulera mwana osamuchotsa m'dziko lake.

Wina angafunse kuti bwanji osangowasiya ana kumalo osungirako ana, kumene kuli chakudya, bedi ndi sukulu. Yankho lomveka bwino linachokera ku Romania. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa mu 1989, dziko linaona ana zikwizikwi amene anakulira m'nyumba za boma, odyetsedwa koma osanyamulidwa. Kuyambira 2000, akatswiri atatu a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anatsatira ana 136 a m'nyumba zotere mumzinda wa Bucharest. Theka linaikidwa m'mabanja, theka linatsala. Amene anapita m'mabanja anachita bwino pa nzeru, pa kuyankhula ndi pa kukhulupirira owalera, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Khanda limafuna munthu mmodzi wodziwika amene amabwera likalira, lero, mawa ndi mkuja. Wantchito wosinthana ndi anzake, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani, sangakwanitse zimenezi kwa makanda khumi. N'chifukwa chake malangizo a United Nations a 2009 amati ana osakwana zaka zitatu azileredwa m'banja. Malo ngati Open Arms ku Blantyre apulumutsa makanda ambiri amene amayi awo anamwalira pobereka, ndipo ntchito yotere imafika pake pamene mwana wabwerera kwa abale kapena wapeza banja.

Tsono mwana wafika pakhomo. Ntchito yoyamba ya kholo lomulera ndi kupirira zinthu zimene sizikumveka. Mwana amene wataya womulera woyamba amabwera ndi mantha amene satha kuwafotokoza. Wina amabisa mbamu ya nsima pansi pa mphasa ngakhale wakhuta. Wina wa zaka zisanu ndi ziwiri amayambiranso kukodza pogona. Wina salola kuti amayi apite ngakhale kuchigayo osamutenga, pomwe wina amathamangira mlendo aliyense ngati amamudziwa. Palinso wofatsa mopitirira, amene sapempha kanthu ndipo salira. Ameneyu anthu amamuyamikira, chonsecho ndi amene akufunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa mwina anaphunzira kuti kulira sikubweretsa munthu. Zonsezi si mwano. Chimene chimachiza ndi moyo wodziwikiratu: chakudya pa nthawi yake, munthu yemweyo womugoneka, lonjezo losungidwa, kutsanzika pochoka m'malo mozemba. Chikwapu pa mwana wotere chimangotsimikiza zimene ankaopa kale. Ndipo ndinene poyera, pakuti zimachitika: mwana wamasiye amene amalira usiku kapena kuyankhula kutulo si mfiti. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu, ndipo amene waona mwana akuzunzidwa motere angathe kuimba nambala yaulere ya 116.

Ntchito yachiwiri imaoneka pa tinthu ting'onoting'ono. Tonse timadziwa mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Koma tawerengani nyumba za m'tauni zimene muli mtsikana wotengedwa kumudzi "kuti adzaphunzire", amene amadzuka ndi tambala woyamba, kukolopa, kuphikira anzake phala, kuwaperekeza kusukulu ya pulaiveti, iye n'kupita mochedwa ku ya boma ngati wapita n'komwe. Ana amawerenga zonsezi: ndani amagona kuchipinda, ndani pabalaza, ndani wagulidwa nsapato za Khirisimasi, ndani amatchulidwa kuti "mwana wathu" alendo akabwera, ndani amangoti "ndi wa kumudzi uyu". Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira. Pakhomo, kufanana kumeneku kumayesedwa ndi ndiwo za m'mbale. Ana obereka nawo amafunika kuwakonzekeretsa, chifukwa nsanje yawo ndi yachibadwa, ndipo ikanyalanyazidwa imakathera pa mnzawo uja makolo akachoka.

Choopsa kuposa ntchito zapakhomo ndi chitonzo. "Ndinakutola ine." "Ukanakhala kuti pakanapanda ine?" "Magazi a kwanu omwewo." Kholo lobereka likakwiya, mwana amadziwabe kuti sachotsedwa. Mwana woleredwa akamva mawu amenewa amamva kuti malo ake ndi obwereka. Mwana sakhala ndi ngongole chifukwa choti analeredwa. Anasankha ndi akuluakulu, iye sanapemphe.

Pamene makolo ambiri achikondi amapunthwa ndi pa chinsinsi. Banja limene linatenga khanda limaganiza kuti kubisa ndiko kumuteteza, mwinanso kudziteteza okha ku manyazi a kusabereka, amene kwathu kuno amaunjikidwa pa mkazi mopanda chilungamo. Ena amasamuka dera kuti nkhani isamveke. Koma m'mudzi kapena mu lokeshoni chinsinsi chotere sichikhalitsa. Mwana adzachimva pamjigo, kwa mnzake amene wayambana naye, kwa amalume ataledzera, kapena pa maliro anu pamene abale akugawana katundu. Akamva motero, chimamupweteka kwambiri si choti sanabadwe mwa inu, koma choti anthu amene ankawakhulupirira anamunamiza zaka zonsezi, ndipo aliyense ankadziwa kupatula iye. Akatswiri a za ana masiku ano amagwirizana kuti mwana auzidwe adakali wamng'ono, pang'onopang'ono, m'mawu a msinkhu wake, kuti pasadzakhale tsiku limodzi la bomba. Wa zaka zinayi angathe kumva kuti, "Unabadwa mwa amayi ena amene sanathe kukulera, ife tinakufuna ndipo ndiwe wathu." Zowawa, monga zoti anasiyidwa pachipatala kapena zoti bambo anamukana, zimadikira kuti akule, koma zisasinthidwe ndi bodza, ndipo omuberekawo asanyozedwe pamaso pake, pakuti mwana amadziona mwa iwo. Gawo 23 lija limanenanso kuti ana ali ndi ufulu wodziwa makolo awo. Ku England komwe tinatengera lamulo lathu anasintha kale: kuyambira ndi lamulo la 1975, munthu wotengedwa ali mwana akakwanitsa zaka 18 angathe kuona kalata yake yoyamba ya kubadwa.

Choonadi chili ndi mbali ya chipatala. Dokotala akafunsa ngati kubanja kuli matenda a shuga, a khunyu, a mtima kapena a sickle cell, yankho lake lili kwa amene anamubereka. Kholo lomulera lisunge buku la kusikelo, kalata ya kubadwa ya ku National Registration Bureau, chigamulo cha khothi, mayina a mudzi, mfumu ndi abale, ngakhale chithunzi chimodzi cha mayi ake ngati chilipo. Mwana amene anabadwa ndi kachilombo ka HIV ndipo akumwa ma ARV amafunikanso kuuzidwa chifukwa chake mwa ndondomeko, mothandizidwa ndi achipatala. Mwana amene sakudziwa chimene akumwera mankhwala amawasiya akafika pa unyamata.

Nanga abale ake omubereka? Pepala la khothi limadula ufulu wawo, koma akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Tsiku lina mwana adzafuna kuona manda a mayi ake, kudziwa ngati ndi Phiri, Mwale kapena Nkhoma, kudziwa ngati ali ndi azichimwene. Akafika pokwatira, funso la ankhoswe limadzuka, ndipo pali nkhawa yeniyeni yoti angakwatirane ndi mbale wake osadziwa. Makolo ena amamva ngati akanidwa mwana akayamba kufunsa za kwawo. Kunena zoona, mwana amene amafunsa momasuka ndi amene akudziwa kuti pakhomo pano sachotsedwa, ndipo kumuperekeza kumudziko kumamanga chikondi kusiyana n'kumuletsa. Malire alipo ndithu. Ngati kumeneko ndi kumene anazunzidwa, kapena abale akubwera kudzapempha ndalama pogwiritsa ntchito mwanayo, kholo lomulera liime pakati, ndipo a ofesi ya chisamaliro cha anthu angathandize kukonza mmene maulendo aziyendera. Kwa amene atengera mwana ku Britain kapena ku America, udindowu ndi wolemera kwambiri. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene Malawi anavomera mu 1991, limati poika mwana m'manja ena aganizire mtundu, chipembedzo, chikhalidwe ndi chiyankhulo chake. Mwana wobwera kudzaona agogo ake ku Mchinji n'kulephera kuwapatsa moni amakhala atalandidwa kanthu kena, ngakhale ataphunzira sukulu zapamwamba.

Ambiri mwa olera ana a abale ndi anthu osauka, ndipo chikondi sichigula yunifomu. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira ena mwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera zidzukulu, ndipo sukulu za mkombaphala zimapeputsako. Abale amene pa maliro paja anati "tidzathandizana" akumbutsidwe mawu awo popanda manyazi.

Udindo umene umaiwalika kwambiri ndi wa tsiku limene kholo lomulera silidzakhalapo. Mbali imodzi ndi ya chuma cha makolo omubereka. Ngati anasiya nyumba, munda kapena ndalama za penshoni, zimenezo ndi za mwana. Womulera ndi msungi chabe, ndipo lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates Act, limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Mbali ina ndi ya chuma chanu. Lamulo lomweli limawerenga mwana wotengedwa kudzera kukhothi ngati mwana weniweni, wolandira mofanana ndi obereka. Koma mwana amene munangomutenga pa maliro, ngakhale mutamulera zaka 20 ndipo amakutchulani amayi, sali pamzere umenewo. Mukamwalira opanda wilo, angaganiziridwe pokhapokha ngati akadali wamng'ono ndipo munkamulipirira sukulu, apo ayi amadalira chifundo cha abale anu. Timaziona: maliro asanazizire, wina amadzuka n'kuti, "Uyu si wa magazi athu, abwerere kwawo," chonsecho kwawo kwina sakudziwako.

Kumudzi, ngakhale pepala la khothi silitseka pakamwa pa mbumba pa nkhani ya munda. N'chifukwa chake n'kofunika kuti mukadali moyo mupite naye mwanayo kwa mwini mbumba ndi kwa amfumu, munene pamaso pa mboni kuti ndi wanu ndipo gawo lake ndi ili. Amene angathe ayambe ulendo wa kukhothi pofika ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya boma lawo. Amene sakufuna kudula ufulu wa omubereka, monga mayi wolera mwana wa mchemwali wake bambo ake ali moyo, angapemphe kukhala womuyang'anira mwalamulo, kenako alembe wilo. Wilo sifuna chuma chambiri kapena loya wodula. Ilembedwe, itchule mwanayo ndi dzina lake lonse ndi chimene adzalandire, inenenso amene adzamuyang'anire ngati akadali wamng'ono, ndipo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandirapo kanthu. Kope imodzi isungidwe kunja kwa nyumba, kwa munthu kapena ofesi yodalirika, kumene abale ofuna katundu sangaifikire usiku wa maliro.